Kolifulawa, Bwana wa M'dimba

Akatswiri a zomera amati kolifulawa, kabichi ndi burokoli ndi ana a bere limodzi. Dzina lawo la m'mabuku ndi limodzi, Brassica oleracea, ndipo kholo lawo limamera lokha m'mbali mwa nyanja ku Ulaya. Koma banja lililonse silisowa mwana wodzimva. Kabichi amapirira: umuiwale masiku awiri, akhululuka. Kolifulawa ndiye uja amene akafika kumudzi amayamba wafunsa ngati madzi akumwa anawiritsidwa.

Mlembi wa ndime ino anakulira pa bonongwe ndi chisoso, ndiwo zomera zokha popanda wozipempha, ndipo kuchokera pamenepo amadziyesa mlimi. Chimene chinamukopa si kukoma, poti kolifulawa anali asanamulawepo. Anaona mutu umodzi m'sitolo yaikulu ya m'tauni, wokutidwa ndi pulasitiki, mtengo wake woti munthu n'kugulira ndiwo za masamba za sabata yathunthu. Atamva kuti galamu imodzi ya mbewu imakhala ndi njere pafupifupi 300, masamu anatha pomwepo: njere 300, mitu 300. Pofika pakhomo n'kuti m'mutu mwake atasankha kale mtundu wa galimoto.

Mayi a kunyumba anayang'ana chithunzi cha papaketi n'kufunsa funso limodzi lokha: "Kodi bambo, zimenezi amadyera nsima?"

Paketiyo inali ya mtundu wotchedwa Snowball, ndipo malangizo ake anali omveka. Njere zimafesedwa pa nazale, mozama pafupifupi sentimita imodzi, ndipo zimamera pakati pa masiku 5 ndi 10. Mbande zikatha masabata 4 mpaka 6, zili ndi masamba anayi kapena asanu, zimawokeredwa pa bedi la manyowa owolerana bwino, motalikirana masentimita 45 mpaka 60. Zonsezi mkuluyu anawerenga mokweza kuti ana amve kuti bambo awo ndi munthu wa sukulu. Mzere wonena za nyengo ndi umene chala chake chinaphimba.

Kolifulawa amapanga mutu wabwino kukamazizira, pa madigiri 15 mpaka 20. Kuno kwathu imeneyo ndi nthawi ya mwera ndi chiperoni, mu Juni ndi Julayi, ndipo n'chifukwa chake ndiwo za banja limeneli zimachita bwino kumtunda, ku Dedza, ku Tsangano, ku Bvumbwe, n'kumasefukira pamsika wa Lizulu. Wofuna mutu mu Julayi amawerenga chobwerera m'mbuyo n'kufesa mu Malichi kapena Epulo. Mlimi wathuyu anafesa kumapeto kwa Ogasiti, potsata kalendala imene amaidziwa bwino, ya tsiku la malipiro. Motero bwana wokonda chisanu anakonzedwa kuti adzaonekere mu dzuwa la Okutobala, lija losungunula phula pamsewu.

Mbande zinamera ndithu, zobiriwira bwino, ndipo mwini wake anazijambula n'kutumiza pa WhatsApp kwa abale onse mpaka a ku Joni. Itakwana nthawi yowokera kunagwa maliro kumudzi. Atabwerako kunali chinkhoswe. Kenako msana. Mbandezo zinakalambira pa nazale, zitatalika n'kuwonda, zikulimbirana dzuwa. Apa ndi pamene kolifulawa amasiyana ndi abale ake. Akangododometsedwa pa kukula, kaya ndi kuchedwa kuwokera, ludzu kapena kusowa chakudya m'nthaka, amafulumira kutulutsa mutu masamba ake asanakwane. Popeza masamba ndiwo amadyetsa mutuwo, umene umatuluka umakhala kamutu koti mwana wa sitandade wani n'kukafumbata m'dzanja. Ndipo mbewu imodzi imabala mutu umodzi basi. Palibe kuchita apilo.

Za madzi tingodutsa mwachangu, chifukwa bilu itabwera m'nyumba munakhala chete wa masiku angapo. Mizu ya kolifulawa siipita pansi kwenikweni, choncho dothi liyenera kukhala lonyowa nthawi zonse, ndipo mu Okutobala keni imodzi imauma munthu asanatembenuke.

Kenako anabwera alendo. Oyamba anali mphutsi zodula mbande, zimene masana zimabisala m'dothi n'kumagwira ntchito usiku. Njira yosawononga ndalama ndi kuzisaka ndi tochi kukada, ndipo mkuluyu anachitadi zimenezo, atavala kabudula, akukwawa pakati pa mabedi ndi foni kukamwa. Aneba anaona. Kunja kutacha nkhani inali itafika kale pampopi kuti bambo a pa nyumba ya pakona ayamba zokhwima, ndipo mayi wina anachenjeza ana ake kuti mpira ukagwera kumeneko azingousiya. Otsatira anali timbozi tobiriwira tobisala kunsi kwa masamba, timene ukatikhudza timadzipinda n'kutsika pa kaulusi. Ndi ana a kagulugufe kotuwa kotchedwa Plutella xylostella, kakang'ono koma ka mbiri: kale mu 1953, pa chilumba cha Java ku Indonesia, kanapezeka kuti sikakufanso ndi mankhwala a DDT. Kachilombo kamene kanagonjetsa mafakitale a mankhwala sikakanaopa munthu wa kabudula ndi phulusa la m'mbaula.

Mitu ingapo inaonekabe, ndipo inadza ndi lamulo lina. Kuyera kwa kolifulawa kumafuna mthunzi. Mutu ukafika masentimita 5 mpaka 8 m'mimba mwake, mlimi amasonkhanitsa masamba akunja n'kuwamanga pamwamba pake ndi luzi, apo ayi dzuwa limausandutsa wachikasu. Mlembi wanu anamva zimenezi mochedwa, ndipo pomanga anagwiritsa ntchito nsanza za chitenje chakale.

"Bambo, mwayamba kuveka duku ndiwo?" anafunsa mayi ali pakhonde. Aneba nawo anasuzumira pampanda: "Achimwene, kabichi wanuyu bwanji sakupinda? Anakugulitsani mbewu yabodza."

Pa tsiku lokolola timitu tinali tachikasu, tina tokhala ndi madontho a bulauni ndi tsinde la mphako, zizindikiro zimene alangizi amati zimadza nthaka ikasowa mchere wa boroni. Mlimiyu sanagonje. Anaitana banja lonse n'kulongosola kuti kunja kuli kolifulawa wa mtundu wa olenji, amene anapezeka koyamba m'munda wina ku Canada mu 1970, ndiponso kuti ndi wopatsa thanzi kuposa woyera. Mbiriyo ndi yoona. Kungoti wa ku Canada uja anabadwa choncho, pamene wa kuseri kwa nyumbayu anachita kupsa.

Amene anapulumutsa ulemu wa pakhomo ndi mayi. Iwo anasiya timitu tija, nathyola masamba anthete, nawadula bwinobwino n'kuwatendera ndi nsinjiro. Masamba a kolifulawa amadyedwa, ndipo tsiku limenelo nsima inatha mpaka mkute sunatsale. Mwini munda anadya mwakachetechete, akulingalira kuti miyezi itatu ya thukuta lake yabala chimene repu akanabala m'masabata ochepa, popanda tochi kapena mbiri ya ufiti.

Sikuti kumalo otentha kolifulawa ngosatheka. Anafika ku India mu 1822, ndipo alimi a kumeneko, posankha mbewu chaka ndi chaka, anapeza mitundu yopirira kutentha. Lero India ndi China ndiwo amalima wochuluka kuposa maiko ena onse, ndipo ku India amamuphika ndi mbatata ya kachewere. Choncho pogula mbewu funsani wogulitsa ngati mtunduwo ndi wa kozizira kapena wa kotentha, ndipo akayamba kukanda m'mutu pitani sitolo ina.

Inu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Thyolo, fesani mu Malichi kapena Epulo, wokerani pa nthawi yake ngakhale kutakhala chinkhoswe, thirirani mosadumphitsa, ndipo luzi lomangira masamba likhale pafupi. Inu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amene mwagula paketi yolembedwa Snowball, mlembi wanu akuti pepani, dzalani therere.