Injiniya wa pa tebulo lodyera ndi sitika yokhota

M'chaka cha 2015, kampani ya LEGO ya ku Billund m'dziko la Denmark idayamba kutulutsa timagalimoto tampikisano totchedwa Speed Champions. Idayamba ndi Ferrari, McLaren ndi Porsche, ndipo pa mabokosi idalemba poyera kuti izi ndi za ana a zaka 7 mpaka 14. Uthengawu sudafike kwa bambo wina wa imvi m'ndevu amene adabwera ku Joni kudzasaka ndalama zomangira nyumba kumudzi. Nyumbayo idaima pa windo. Koma magalimoto odzaika m'garaja adakwana kale, ali ndandanda m'kabati yagalasi momwe mayi akunyumba ankasungamo mbale za alendo.

Mkuluyu adakodwa ku Sandton City, komwe sitolo ya LEGO idatsegulidwa mu 2018. Adalowamo akuti kukagulira mwana mphatso. Mwanayo bokosi adaliona, inde. Adaloledwanso kuligwira kunja kwake.

Kumanga kagalimoto kotere si nkhani yovuta. M'bokosi mumakhala timapaketi ta tizidutswa tapulasitiki ndi kabuku ka malangizo kopanda Chingerezi chozunguza mutu, zithunzi zokhazokha. Ukatsatira tsamba ndi tsamba, chasisi chimaoneka, kenako mipando, chiwongolero, matayala. Tizidutswati timagwirana chifukwa cha timabatani ta pamwamba ndi timapaipi ta kunsi, luso lomwe kampaniyi idalembetsa mu 1958, ndipo kachidutswa ka chaka chimenecho kamalowanabe ndi ka lero. Ukalakwitsa umangogumula n'kuyambiranso, palibe akudziwa. Pamenepa mkulu wathuyu amadzimva kuti ndi injiniya, mpaka amaimba kamluzu.

Kamluzuko kamathera pomwe kabuku kaonetsa nambala ya sitika.

Masitika amabwera papepala limodzi, iliyonse ndi nambala yake, ndipo galimoto zampikisano zimakhala nawo ochuluka zedi. Ena ndi aang'ono osaposa chikhadabo cha chala chakumapeto. Ena ngofunika kumata pa kachidutswa kopindika, mwina mbali ya boneti kapena phiko la kumbuyo. Ndipo amayenda awiriawiri, yamanja ndi yamanzere, kotero ukakhotetsa imodzi inzake ndiye imakuneneza. Guluu wake sadziwa kupepesa. Ukamatula kuti uwongole, ngodya imapindika, chidindo cha chala chimatsalira kunsi, ndipo pa masitika oonekera mkati aja chidindocho chimakhala pomwepo kuti apolisi asadzavutike pofufuza wolakwa.

Tsono dziwani kuti munthuyu ntchito yake ndi yoika matailosi m'nyumba za mabwana. Levulo ndi chingwe ndiye mkate wake. Bafa lonse amaliwongola osaphonya mzere, abwana n'kumuombera m'manja. Koma zala zomwezo, zouma ndi simenti, zikagwira kasitika ka nyali ya kutsogolo zimanjenjemera. Amavala magalasi owerengera, kusendeza tebulo pansi pa getsi, kuzimitsa wailesi, n'kulamula kuti aliyense m'nyumbamo asiye kuyenda. Mpweya amaugwira. Lilime limatuluka lokha pakona pa mlomo. Sitika imatsika pang'onopang'ono, ikufika, ikufika, ndiye foni n'kulira: malume akufunsa za feteleza.

Akatswiri a masewerawa ali ndi njira zawo, ndipo iye adaziyesa. Amati usagwire sitika ndi zala, uinyamule ndi nsonga ya mpeni kapena kachitsulo kozulira nsidze. Kachitsuloko kadasowa m'chikwama cha mayi akunyumba ndipo mlandu wake udakali pa mfumu. Ena amapaka timadzi ta sopo pa kachidutswa kuti sitika iziterera kufikira itakhala pamalo ake, kenako n'kufinya madziwo ndi kansalu. Njirayi imagwira, pokhapokha ngati munthu akudziwa kusiyana kwa timadzi ndi madzi. Ena amatenthetsa sitika yokhota ndi draya ya tsitsi kuti guluu afewe. Drayayo ndi ya mayi omwewo, ndipo adamupeza pakati pa usiku akuumitsa tsitsi la McLaren.

"Inu abambo, galimoto yanuyi yamwa? Bwanji diso lina likuyang'ana kumwamba?"

Iye adayankha mwaulemu kuti nyaliyo ili bwinobwino, koma kabati ndiye yopendekeka. Adakatenga levulo ya kuntchito n'kuika pamwamba pa kabatiyo kuti umboni uoneke. Kathovu kadaima pakati penipeni. Adanena kuti levuloyo ndi yakale.

Pali chinthu china chomwe mkuluyu safuna kuchiganizira kwambiri. Masitika ambiri pa galimoto zampikisano ndi malonda a eni ndalama. Petronas imalipira chuma chosaneneka kuti dzina lake likhale pa Mercedes, Oracle nayo chimodzimodzi pa Red Bull. Iye ndiye amatulutsa ndalama m'thumba mwake, kugula bokosi, kuswa maso usiku wonse, kuti amate malonda a anzake pabalaza pake. Palibe ngakhale mmodzi adamutumizirako ya mayunitsi.

Mu 2020 zinthu zidasintha. Timagalimototi tidali totambalala timabatani 6, koma chaka chimenecho tidakula kufika pa 8, kuti maonekedwe afanane kwambiri ndi galimoto yeniyeni komanso kuti tianthu tiwiri tizikhala moyandikana kutsogolo. Kwa osonkhanitsa, izi zidatanthauza kuti takale tikuoneka tonyentchera pafupi ndi tatsopano. Ferrari F40 idatuluka mu 2019 ili yopapatiza, n'kudzatulukanso mu 2024 ili yotambalala. Yesani inu kufotokozera mayi amene akuwerengera ndalama ya lendi kuti galimoto yofiira yomwe mwabwera nayo si yomwe ija ili m'kabati. Mkuluyu adafotokoza za timabatani 6 ndi 8 mpaka kujambula papepala. Nsima adadya yozizira.

Chaka chake cha ulemerero chidali 2025. LEGO idagwirizana ndi Formula 1 n'kutulutsa galimoto za matimu onse 10, iliyonse ya tizidutswa pakati pa 240 ndi 280. Pa mabokosi ambiri padalembedwa 10+, koma pa Red Bull RB20 ndi inzake ya VCARB padalembedwa 18+, poti eni matimu awiriwa amagulitsa chakumwa chopatsa mphamvu chomwe sachitsatsa kwa ana. Chifukwa chimenechi iye sadachitchule. Adangoimika bokosilo patebulo n'kuloza nambalayo ndi chala, maso ali pa mayi akunyumba, kuti aone okha kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu.

Mu May chaka chomwecho, mpikisano wa ku Miami usadayambe, madalaivala adazungulira bwalo atakwera galimoto 10 zazikulu zomangidwa ndi tizidutswa tomweti, iliyonse pafupifupi 400,000, zoyenda liwiro la makilomita 20 pa ola. Lewis Hamilton ndi Charles Leclerc adakwera imodzi, anzawo n'kumagundana dala, tizidutswa tikugwa, onse akuseka. Mkuluyu adaonetsa kanemayo pafoni mwachimwemwe.

"Mwaona? Anthu aulemu wawo akuseweretsa zomwezi."

"Iwo aja amalipidwa," adatero mayi, osatembenuka n'komwe.

Osonkhanitsa timagalimototi nawo ali ndi zipani. Ena samata sitika ngakhale imodzi, pepala lonse amalisunga, akuti galimoto imakongola ili yopanda zolemba. Ena satsegula bokosi n'komwe, akudikira kuti mtengo udzakwere likadzasiya kupangidwa. Ena amalira kuti bwenzi zilembo zonse zikubwera zodindidwa kale pa pulasitiki, monga zimakhalira pa tizidutswa tina. Ndiye pali a chipani cha mkulu wathuyu, omata n'kukhotetsa, amene amapulumukira pa BrickLink, msika wa pa intaneti womwe LEGO idagula mu 2019, komwe pepala la masitika limagulitsidwa palokha. Ndalama yotumizira nthawi zina imaposa ya pepalalo, koma izi sazikamba pagulu.

Ali mwana, munthuyu ankapanga galimoto ya mawaya, matayala odula ku patapata, ndipo ikagwera m'ngalande ankangoiwongola ndi mano n'kupitiriza ulendo. Za lerozi siziyenda. Dzuwa limamatula ndi kung'alula masitika, fumbi limalowa m'timipata, ndiye zimangokhala m'kabati, katani ili chitsekere.

"Adadi, ndiyendetseko kamodzi."

"Izi si zoseweretsa, mwanawe. Katenge buku."

Abale ndi anansi amene mukubwera kudzacheza pa Khirisimasi, tiyi mudzamwera m'makapu apulasitiki chifukwa m'kabati mulibe malo. Kuyang'ana n'kwaulere. Koma Mercedes yomwe ili kumapeto, mbali yake yamanzere itayang'ana kukhoma, chonde musadzaitembenuze.