Linda madzi apite? Nanga akakhala a m'nyanja?

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, mafoni a anthu a pa Jenda anadzaza ndi liwu limodzi: "Tadala!" Analemba ndi amayi a banki m'khonde ina, omwe chaka chonse amakhalira kuthamangira mabasi m'mbali mwa msewu wa M1, beseni la matimati kumutu, anyezi m'manja. Anasonkherana, nachita hayala kosita, n'kutsetserekera ku Nkhata Bay. Kumeneko anakwera boti la injini, onse atavala chitenje chofanana, ndipo boti lisanafike n'komwe patali zithunzi zinali zitafika kale ku Embangweni, ku Lundazi ndi ku Joni. Mlamu wanga, yemwe ndi msungichuma wa gululo, anatumiza chake atatambasula manja, kumbuyo kwake kuli madzi okhaokha mpaka polekezera maso.

Apongozi anga atachiona chithunzicho sanaseke. Anabweza foni n'kuponya mwambi: linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ndinavomera ndi mutu, poti apongozi satsutsidwa pamaso. Koma kuyambira tsikulo funso limodzi likundisowetsa tulo: madzi ake ati? Ngati akunena a m'chithunzimo, mlamu wanga adzatha mano asananene kuti wadala, chifukwa madzi amenewo alibe ulendo.

Mwambiwu ndi wa ife anthu a kumtunda. Kuno madzi ali ndi ulemu, amabwera, amaopseza, kenako amatsanzika. Mvula ikagwa mu Januwale, kamtsinje komwe ana amadumpha popita kusukulu kamafufuma, munthu n'kukhala pamwala tsidya lino, njinga ili chogona, kudikira kuti kaphwe. Dzuwa likapendeka umapinda buluku n'kuwoloka. Amene anapeka mwambiwu anali atakhalapo pamwala wotero. Chimene sanadzivute nacho n'kufunsa kuti madzi opitawo akulowera kuti. Mvula yambiri yogwa kum'mwera kwa Mzimba kuno imathera mu South Rukuru, mtsinje womwe umayenda chakumpoto, kudutsa pa mpata wa Njakwa ku Rumphi, n'kukagwera m'nyanja. Ndiye kuti madzi onse amene agogo athu ankalinda kuti apite sanapite kutali. Anakasonkhana kumunsi uko, ndipo akhala akutidikira. Lero ife tikulipira kosita ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kuti tikawapeze, kenako n'kulipiranso boti kuti tikakhale pamsana pawo.

Akafika kunyanjako changu chonse chimatha. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo chakumpoto kuno pali malo akuya mamita 700. Khomo lotulukira ndi limodzi, mtsinje wa Shire, ndipo madzi odzera pakhomopo ndi ochepa. Ambiri amakwera kumwamba ndi dzuwa n'kudzagwanso pa malata a apongozi anga omwewo. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti khomolo linachita kutsekeka, Shire n'kusiya kulandira madzi a m'nyanja. Kuyambira 1965 pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, ndiye masiku ano madzi akafuna kupita amayamba apempha chilolezo kwa a boma. Ife a pa Jenda zimenezi sitidabwa nazo, nafenso tili ndi rodibuloko pomwe galimoto siidutsa isanapereke moni. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Eni malowo ankafuna mageti a pa Liwonde atsegulidwe kwambiri. Koma kumunsi kwa Shire kuli anthu omwe namondwe wa Freddy anali atangowasiya m'matope mu 2023, ndipo makina opangira magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira amafuna kuti madzi azibwera mwa muyeso chaka chonse. Munthu mipando ya bala lake ikuyandama, iwe n'kumufikira ndi mwambi woti alinde madzi apite, botolo likhoza kukuthera pamutu.

Komabe tiyeni tiwapatse ulemu apongozi. Titsate lamulo lawo mwachilungamo, tione pamene mlamu wanga akanayenera kunena kuti wadala.

Pokwera kosita m'bandakucha? Ayi ndithu. Kutsogolo kuli Chikangawa, nkhungu ndi malole a matabwa. Pofika pa Mzuzu? Kudakali chitsetse chopita kunyanja, ndipo dalaivala akuyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likusankha nyimbo. Pofika pagombe? Apo ndiye pankayambira nkhondo. Mnyamata wa boti anatchula mtengo, n'kuwonjezera mawu omwe masiku ano amatseka mkangano uliwonse m'dziko muno: "Amama, mafuta akwera." Sanadziwe kuti wakumana ndi akatswiri. Amayi omwe amagulitsa mulu wa matimati kudzera pazenera la basi yoyenda, n'kubweza chenji basi isanafike pa rodibuloko, sangagonje kwa mwana wovala magalasi akuda. Anamutsitsa mtengo mpaka thukuta, ndipo atagwirizana mayi wina anafunsa kuti nanga basela ali kuti. Mnyamatayo anayang'ana nyanja, anayang'ana mayiyo, n'kulonjeza kuti awazunguliza kachiwiri pa thanthwe lina.

M'boti namo simunali monenera kuti tadala. Injini inayamba yakana. Mnyamata anakoka chingwe, injini inatsokomola. Anakokanso, inatsokomolanso. Anaivundukula, anaipemerera, anaiyankhula mawu ena m'Chitonga, ndiye inalola. Atafika pafupi ndi mitengo ya m'mphepete mwa phiri, analiza mluzu, n'kutulutsa nsomba n'kuiponya pamadzi. Nkhwazi inatsika mumtengo, inatambasula zikhadabo, n'kuitola osanyowa nthenga. Boti lonse nthungululu. Mbalame imene amangoiona pa chizindikiro cha boma, lero yabwera yokha. Mlamu wanga yekha ndi amene sanalulute. Iye, monga msungichuma, ankawerengera. Pa Jenda kamulu ka usipa wouma timachita kukanganirana mtengo, kuno nsomba yaiwisi, yathunthu, akuponyera mbalame yomwe ili ndi maso ndi mapiko, ndipo siinasonkhe nawo. Anafunsa ngati nsombayo inali m'kati mwa mtengo omwe anagwirizana, poti m'buku la gulu munalibe mzere wa chakudya cha nkhwazi.

Kenako, atafika pomwe gombe limaoneka kam'zere chabe, injini inazima. Zii. Aliyense anayang'ana mnzake. Pa WhatsApp "Tadala!" anali atayenda kale, amuna ku Joni atayankha kale ndi timitima, ndipo mawu akatuluka sabwezedwa ngakhale bandulo itakhalapo. Mayi wina wa Umanyano anayambitsa nyimbo, ena anapolokozera, ndipo akuti sanaimbepo mochokera pansi pa mtima chotero ngakhale pa Pasaka. Msodzi wina wa bwato anadutsa chapafupi, akupalasa mosathamanga, anawapatsa moni n'kupitirira. Patapita nthawi injini inakumbukira ntchito yake.

Atatsika n'kuponda mchenga, mwina apa? Lamulo likuti ayi, kosita iyenera kukweranso phiri usiku. Atafika kunyumba? N'kutali. Ndalama ya ulendo anabwereka ku banki m'khonde komweko, ndipo chiwongoladzanja sichidziwa kuti wobwereka ndi msungichuma. Alinde agawane ndalama mu Disembala? Disembala ndi wa feteleza. Januwale ndi wa fizi. Febuluwale ndi mwezi womwe nkhokwe imayankha ndi mphepo. Akakolola, matimati amachuluka pamsika mpaka beseni lonse kugulidwa mtengo wa sopo. Mitengo ikakwera, mwana wadwala. Mwana akachira, kwagwa zovuta kwa asibweni. Ndatsata kalendala yonse kufunafuna tsiku lomwe madzi a mayi wa pa Jenda amakhala atapita onse, ndipo ndalipeza limodzi lokha. Tsiku limenelo mwini wake amakhala atagona chagada m'bokosi, ndipo mawu oti "anali mayi wodala" amanena ndi oyankhula m'malo mwa banja, kwinaku anthu akufunsana ngati nsima yapsa.

Izi sizikutanthauza kuti apongozi anga amaopa chabe. Nyanja iyi inameza anthu. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo pafupi ndi Florence Bay, kumunsi kwa Livingstonia, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Julayi ndi nthawi ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera yomwe imautsa mafunde otha kubisa boti. Anzathu a ku Ulaya amachita tchuthi cha maboti mu Julayi ndi Ogasiti, m'magombe a Croatia ndi Greece, poti kwawo ndiyo nyengo yotentha. Wotengera kalendala imeneyo kuno adzasanza chakudya cha sabata yonse, ndipo akatero ndiye kuti zamuyendera. Nyengo yathu yosewera pamadzi imabwera mwera ukagona, cha mu Okutobala, dzuwa likamaotcha mpaka phula kufewa. Apa amayi aja anasankha bwino.

Koma taonani anthu amene nyanja ndi msewu wawo. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Zaka zoposa 70 yakhala ikunyamula anthu pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Kwa munthu wa ku Ruarwe, komwe galimoto siifika, kukwera boti si tchuthi. Amakwera ndi matumba a chimanga, malata, nkhuku ndi mwana kumsana, ndipo sitima ikaima patali amatsikira m'kaboti kakang'ono n'kumaliza ulendo madzi ali m'chiuno. Mukamuuza kuti alinde madzi apite, adzafa ndi njala. Nzeru zake ndi zina: amayang'ana kumwamba, amamvera mphepo, amadziwa tsiku loti bwato ligone pamchenga. Akasangalala amasangalala madzi ali pomwepo, poti sanawaonepo atachoka.

Palinso china chomwe chimandiwawa. M'midzi ya kuno kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa muli amuna ambiri omwe anaona nyanja yamchere ku Durban ndi ku Cape Town, ali ndi zithunzi zake m'mafoni, pomwe akazi awo, omwe amalima, kulera ana ndi kuyang'anira njerwa za nyumba yomangidwa ndi ndalama za ku Joni, sanaonepo nyanja ya dziko lawo lomwe. Usipa amaudziwa wouma. Nyanja amaidziwa pa mapu a ku pulayimale. Alendo amachoka ku Germany ndi ku Japan kudzaona tinsomba ta mbuna, tomwe tinachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, koma mayi wokhala ulendo wa theka la tsiku amauzidwa kuti kupita kumeneko n'kuononga ndalama. Mwambi womwe unapangidwa kuti munthu asadzitame msanga tausandutsa chingwe chomangira amayi pa beseni. Mayi wotere akakhala pa boti tsiku limodzi pa chaka n'kunena kuti wadala, ine sindikuona bodza lililonse. Tsiku limenelo wadaladi, ndipo ngongole ya mawa siifufuta nkhwazi yomwe waiona lero.

Chomwe ndikadandaule nacho pa zithunzi zija n'china, ndipo apongozi sanachione. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anavala jekete loyandamitsa. Ndinafunsa ngati m'botimo munalibe. Analimo, ngakhale anali ochepa kuposa anthu. Koma omwe anawapeza anawavula n'kuwakhalira, chifukwa jeketelo limabisa chitenje, ndipo chitenjecho anachita kuitanitsa, telala n'kuchezera nacho usiku. Tangoganizani: amayi omwe sangalandire ndalama ya pepala osaiyang'anitsa padzuwa, omwe amawerenga chenji kawiri, anakwera pamadzi akuya osawerenga majekete, ndipo ambiri mwa iwo kusambira komwe amakudziwa ndi kwa m'bafa. Injini itazima paja, nyimbo inali yabwino, koma nyimbo siyandamitsa munthu.

Ndiye langizo langa kwa magulu omwe ayamba kale kusonkha za chaka chamawa ndi ili. Mukafika pagombe, mkangano wa mtengo ubwere pambuyo. Yambani mwawerenga majekete, mutu umodzi jekete limodzi, ana poyamba. Mununkhizeni woyendetsa boti, ngati wayamba kale tchuthi chake m'botolo fufuzani wina. Akanena kuti boti ladzaza musamuuze zoti tithithikana, si minibasi ya ku Embangweni. Asodzi akakoka mabwato awo kumtunda, inunso khalani pamchenga mudye chambo. Zimenezi zikatheka, jambulani mpaka foni itenthe.

Za chitenje zisakuvuteni, nkhani imeneyo ndi ya atelala. Pa Jenda pali makina osokera okwanira, ndipo telala woyamba kusoka chovala cha chitenje chokuta jekete loyandamitsa, chokhala ndi dzina la gulu kumsana ndi kathumba ka foni pachifuwa, adzagula galimoto Okutobala asanathe. Chitenjecho chikhale cha mtundu wowala, cha lalanje, kuti zikavuta opulumutsa akuoneni msanga. Nzeruyi ndapereka ulere, koma telala amene alemere nayo adziwe kuti buluku langa lakhala kwa mnzake kuyambira nthawi yokolola.