Mvula ya Dr Jaeger

Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma otsatsa malonda mwambiwu amaudula pakati, theka lachiwiri n'kuliponya kudzala. Taonani magazini a ku Britain a m'zaka za m'ma 1890, momwe kampani ya Jaeger inkatsatsa zofunda za ubweya wa nkhosa ngati mankhwala. Mwini nzeruzo, Dr Gustav Jaeger wa ku Stuttgart, katswiri wa za nyama, ankaphunzitsa kuti thupi la munthu limayanjana ndi ubweya basi. Thonje ndi bafuta, poti n'zomera, ankati zimasunga mpweya woipa wotuluka m'thupi. Lewis Tomalin adayambitsa kampaniyo ku London mu 1884, ndipo sadalekere pa malaya: kudabwera bedishiti yaubweya ndi bulangete la ubweya wa ngamila. Mlembi George Bernard Shaw adakopeka mpaka kumayenda m'tauni atavala suti yaubweya yochita kuluka.

Mvula ndiye imeneyo, nanga matope? Magaziniwo sankatchula kuti ubweya wokhakhala ukagunda khungu munthu amachezera kudzikanda, kuti njenjete zimachitira phwando m'sutikesi nyengo yonse yotentha, kapena kuti bulangete la bambo ukalipikicha m'madzi otentha limatuluka la mwana. Cha m'ma 1950 kampani ya DuPont idabweretsa Orlon, ulusi wa m'fakitale, ndipo malonda adatembenuka: tsopano mdani anali nkhosa. Zoonadi, njenjete siidya pulasitiki. Koma bulangete lotere limathetheka moto mumdima, limakusambitsa thukuta, ndipo likayandikira mbaula limasungunuka. Lero ubweya wabwereranso, dzina lake akuti "zachilengedwe", mtengo wake woti ungogula n'kugona ndi njala, wofunda bwino.

Wina anganene kuti Jaeger sadaname zonse. N'zoona. Ubweya umamwa chinyezi chochuluka usanamveke kunyowa, sugwira moto msanga, ndipo Ernest Shackleton, yemwe adapita ku Antarctica ndi zovala za Jaeger, sankapita kokaonetsa fashoni. Koma mwambiwu sunanyozepo mvula. Umangoti ukaiitana sibwera yokha. Cholakwa cha dokotalayu chinali kusandutsa bulangete labwino kukhala chipatala.

Winanso angati, wamalonda ndani angalipire tsamba lonse la magazini kuti alengeze kuyabwa? Palibe, ndipo sitikumupempha kutero. Chodabwitsa n'choti masiku ano matopewo amalembedwa ndithu, pa kansalu koyera kosokedwa pakona ya bulangete: kabeseni koviikamo dzanja, nambala 30, ayironi yodulidwa ndi mtanda. Ogulafe timakhulupirira chithunzi cha mayi wogona akumwetulira, tsitsi losasokonekera, koma kansaluko timakadula ndi sizasi tsiku loyamba lomwelo chifukwa kakutikanda pakhosi.