Maso a nkhono ndi kansalu kosambira

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo adaiyang'anitsitsa nkhonoyo asanalankhule. Nkhono ya kumtunda ili ndi nyanga zinayi, ziwiri zazifupi ndi ziwiri zazitali, ndipo maso ake ali kunsonga kwa zazitalizo. Ukangoikhudza imakokera nyanga m'kati, maso n'kulowa nawo. Choncho mwambiwu sukunena za kukhala manja lende kudikira mwayi. Ukunena kuti zinthu zina zimabisala ukamazikakamiza. Tsoka lake, mbadwo uno ndi wa anthu otosa. Uthenga wa pa WhatsApp ukakhala mphindi ziwiri osayankhidwa, tatumiza kale wina wofunsa ngati munthuyo ali moyo. Kanema wa pa TikTok akangotalika pang'ono, chala chamukankhira kumwamba. Anthu otere akufunika kubwerera kusukulu, ndipo sukulu yotsika fizi kuposa zonse ndi singano yangowe, mpukutu umodzi wa ulusi wa thonje, ndi cholinga chonyozeka choluka kansalu kosambira.

Pofotokoza, ntchitoyi ndi yophweka mochititsa manyazi. Mutenga singano ya mamilimita 4 kapena 5, muluka tcheni cha mfundo 25 kapena 30, kenaka mubwerera m'mbuyo: kulowetsa ngowe m'kabowo, kukola ulusi, kuutulutsa, kukolanso, n'kuudutsitsa m'timagoba tiwiri tomwe tili pa singano. Mukafika kumapeto muonjezera mfundo imodzi, mutembenuza, muyambanso, mpaka kansalu kakwane masentimita 20 mbali zonse. Basi, palibe china. Koma wophunzira wa masiku ano, amene waonera kanema wa mphindi zitatu pa YouTube ndipo akudziona ngati katswiri, amafinya singano n'kumakoka ulusi ndi mphamvu zonse. Timabowo timatsekeka, pa mzere wotsatira ngowe imakana kulowa. Iye amakwiya n'kukoka kwambiri, ndipo ulusi umabisa maso ake monga ichitira nkhono. Mankhwala ake si mphamvu kapena singano yodula, koma kufewetsa dzanja. Palinso chilango cha osawerenga. Mfundo yomaliza ya mzere imakonda kubisala m'mphepete, ndipo wopupuluma amaidumpha. Anayamba ndi 25, posakhalitsa zili 23, kenaka 19, mapeto ake amene amafuna kansalu ka ngodya zinayi wanyamula samusa wa thonje.

Umboni woti ntchitoyi imakana kuthamangitsidwa ulipo ndithu. Kuluka kwa singano ziwiri kudagonja kalekale: William Lee wa ku England adapanga makina olukira masokosi mu 1589, ndipo lero majuzi amatuluka m'mafakitale miyandamiyanda. Koma kuluka kwa ngowe kudakali ntchito ya manja, makina amangotsanzira maonekedwe ake. Dziko lapeza nzeru zotumiza ndalama pa foni ndi kuika munthu pa mwezi, koma kansalu ka agogo kovundikira mpando kalikanika. Ndipo asanene wina kuti n'zoseweretsa. Pa njala yaikulu ya ku Ireland yomwe idayamba mu 1845, amayi ambiri ankaluka nsalu zokongoletsera ndi ngowe, kugulitsa n'kudyetsa mabanja. Mu 2021, pa masewera a Olympics ku Tokyo, Tom Daley wa ku Britain, katswiri wodumphira m'madzi, adapambana mendulo yagolide ndipo makamera adamujambula atakhala pakati pa oonerera akuluka. Munthu amene ntchito yake imatha m'masekondi awiri adapeza mtendere mu ntchito yosatheka kuifulumiza.

Otsutsa sasowa. Woyamba ati, n'kuvutikiranji pamene chinkhupule chimamera chokha pa mpanda, ndipo pa kaunjika matawulo ali mulu? Akunena zoona, ndipo tikati tiwerengere maola, kansaluka kakhala kodula kuposa tawulo la ku hotela. Koma kusukulu sitipita kukagula kope. Kansaluka n'koyenera wophunzira chifukwa sikachititsa manyazi: juzi yokhota imakuperekeza mpaka ku tchalitchi, pamene kansalu kokhota kamathera kubafa, komwe msana sufunsa za ngodya. Mukalakwitsa mungosolola singano, kukoka ulusi, mzere wonse n'kumasuka popanda chotayika. Chenjezo n'limodzi: gulani ulusi wa thonje, chifukwa wa pulasitiki uja wa majuzi sumwa madzi bwino ndipo umasungunuka ukakhudza mphika wamoto. Wachiwiri ati imeneyi ndi ntchito ya amayi. Ameneyo akaone kaye asodzi a ku Mangochi akusoka maukonde pamchenga, ndi abambo oluka malichero ndi madengu, kenaka abwere adzatiuze kuti zala za mwamuna zidalengedwera rimoti yokha.

Wotsutsa wachitatu ndiye ali ndi mfundo yolemera. Iye ati kudekha kwatikwana. Tadekha pa mizere ya mafuta, tadekha magetsi atazima, tadekha ku banki, ndipo aliyense wotilonjeza zinthu amamaliza ndi mawu akuti tingodekha. Kodi tionjezerenso dala? Apa pakufunika kusiyanitsa. Kudekha kwa pa mzere ndi kwa munthu womangidwa manja, amene sadziwa ngati thanki ya mafuta ibwera lero kapena Lachisanu. Kudekha kwa woluka ndi kwa munthu amene maso ali pa ntchito, akuwerenga mfundo iliyonse, ndipo ola likatha ali ndi mizere yoti aloze. Kumeneko si kugonja, ndi kuphunzira kuyang'anitsitsa. Ndipo popeza mizere ya mafuta sikuoneka kuti itisiya msanga, singano yangowe imakwana m'thumba, sifuna magetsi, sifuna bandulo. Amene ayenera kuda nkhawa ndi ogulitsa malonda ndi olonjeza pa misonkhano, chifukwa munthu amene wazolowera kuzindikira kuti mfundo 25 zasanduka 23 sachedwa kuonanso kuti buledi wachepa pamene mtengo wakwera, ndi kuti mlatho womwe adalonjeza chaka chatha wadumphidwa m'mphepete.