Ku New York Ana Akupeka, Akuluakulu Akungomvera

Mzinda wa New York susowa chokamba. Lendi ikakwera anthu amakamba, makoswe akachuluka m'masiteshoni a sitima zapansi amakamba, zonsezi zikatha amabwerera ku timu ya Knicks. Koma pali nkhani ina imene imabwerabwera ngati chimfine, makamaka pakati pa makolo a ana a ku pulayimale. Ndi nkhani ya tiana timene tikupeka nyimbo zoti aimbe akatswiri a New York Philharmonic.

Kwa amene simunalimvepo, limeneli ndi gulu la orchestra lomwe linayamba kale mu 1842. Muli anthu pafupifupi 100, ovala zakuda ngati ali pa maliro a mfumu, ena ndi mavayolini, ena zitoliro, ena malipenga opindikapindika, kumbuyo kuli ng'oma zazikulu ngati miphika yofululira mowa. Kutsogolo kumaima munthu wa kandodo amene kuno amamutcha kondakitala, ngakhale sanatolereko ndalama m'minibasi. Kwawo ndi ku David Geffen Hall, pa Lincoln Center, holo imene anaikonzanso ndi madola 550 miliyoni n'kuitsegula mu Okutobala 2022. Ndiye anthu amenewa, amene anakulira pa nyimbo za Beethoven ndi Mahler, pena amakhala pansi mwaulemu n'kuimba zimene wapeka mwana wa zaka 10, amene ngakhale kuoloka msewu amamugwira dzanja.

Anayambitsa zonsezi ndi bambo wina dzina lake Jon Deak, amene kwa zaka pafupifupi 40 ankaimba m'gululi chivayolini chija chotalika ngati munthu, chimene amachitcha double bass. Mu 1995 anayamba ntchito yotchedwa Very Young Composers, kutanthauza apeki aang'ono zedi. Funso lake linali losavuta. Zithunzi zojambula ana timazipachika m'makoma a sukulu n'kumazitama, nanga nyimbo za ana bwanji sitizimva? Kayendetsedwe kake nako sikovuta kumva. Oimba amabwera ndi zida zawo, ana amazimva kulira kwake n'kufunsa mafunso. Kenako mwana amang'ung'udza nyimbo yake, kapena kuiomba patebulo, kapena kuijambula ndi mizere ndi madontho ngati sadziwa manotsi. Mphunzitsi amakhala mlembi chabe: amalemba zimene mwana wanena, ndipo lamulo lake n'lakuti asakonze. Apa ndi pamene pagona mkangano wonse wa m'tauni.

M'malo ometera tsitsi ku Harlem, kumene nkhani iliyonse imapeza woitsutsa, ambiri sakhulupirira. Akuti zimenezi ndi zija za homuweki: dzina la mwana pamwamba, thukuta la munthu wamkulu pansi. Mwana angadziwe bwanji chimene lipenga lingathe ndi chimene silingathe? Mkulu wina amene amameta pafupi ndi ine, munthu wokonda mawu, amati nyimbozo n'zopekadi, koma nkhani yoti wapeka ndi mwana n'njopekanso. Amene amamuyankha nthawi zonse amatulutsa Mozart. Akuti Mozart anayamba kupeka ali ndi zaka zisanu, ndipo amene ankamulembera papepala anali bambo ake, Leopold. Ngati mlembi aipitsa nyimbo, ndiye tiyambe ndi kumulanda Mozart zake. Mkulu uja sagonja. Amangoti Leopold naye akufunika kumufufuza.

Ine ndili kumbali ya anawo, ngakhale pa chifukwa china. Munthu wamkulu akafuna kunamizira mwana, amapeka zofewa, zokoma, zaulemu, poganiza kuti ana ndi choncho. Ana eniake sali choncho. Amafuna ng'oma igunde pamene palibe amene akuyembekezera, amafuna zitoliro zikangane, amafuna nyimbo ithe mwadzidzidzi ngati magetsi azima. Munthu amene anakhala zaka zambiri kusukulu ya nyimbo dzanja limamuyabwa kuti aongole zimenezi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuligwira dzanjalo. Akale anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Kuno amamusemeradi, kungoti nthawi zina nyangayo siifota. Imalira bwino, holo yonse n'kuimirira.

Makolo nawo agawikana patatu. Gulu loyamba ndi la amene ayamba kale kuwerenga anapiye. Sukulu yotchuka ya nyimbo ya Juilliard ili pompo pa Lincoln Center, ndiye mwana akangopeka kanyimbo ka mphindi ziwiri, mayi ake amayamba kuyang'ana nyumba ya sukuluyo ngati munda umene agula kale. Pamsonkhano wa makolo sanena kuti mwana wanga, amati mpeki wathu. Gulu lachiwiri ndi la odandaula phokoso. Nyumba za kuno ndi zothinana, khoma ndi lopyapyala ngati chitenje, ndipo mwana amene wauzidwa kuti chilichonse chikhoza kukhala chida choimbira amayamba ndi mapoto a m'khitchini. Agogo ena a ku Bronx akuti mdzukulu wawo sangamuletsenso, chifukwa akamuuza kuti akusokosa amayankha kuti ali pa ntchito. Gulu lachitatu ndi limene ndimalimvera chisoni: abambo amene kale anali ndi bandi yawo imene sinapite patali. Iwowa amafika mwakachetechete, n'kuyamba kulangiza mwana kuti apa ukanakweza, apa ukanatsitsa. Mwana amawayang'ana n'kuwakumbutsa kuti ngakhale aphunzitsi saloledwa kukonza.

Kuli enanso, aja okhala ndi mipando yawoyawo m'holo chaka ndi chaka, amene amadziwa pamene munthu ayenera kutsokomola ndi pamene sayenera. Ena mwa iwo amang'ung'udza kuti orchestra si sukulu ya mkaka. Koma madandaulo awo sapita patali, chifukwa gululi linayamba kale kucheza ndi ana iwo asanabadwe. Makonsati a ana otchedwa Young People's Concerts anayamba mu 1924, ndipo kuyambira 1958 mpaka 1972 Leonard Bernstein ankawaonetsa pa wailesi yakanema ya CBS. Ambiri mwa odandaulawa anakonda nyimbo zimenezi chifukwa cha Bernstein yemweyo, atakhala pansi pabalaza ali ndi kabudula. Chimene chasintha n'chakuti kale mwana ankauzidwa kuti khala chete umve, pano akumufunsa kuti iwe ukuti bwanji. Funso limeneli si akuluakulu onse amene amalikonda.

Chimene chinatseka pakamwa ambiri chinachitika mu 2018. Chaka ndi chaka nyengo yotentha gululi limakaimba ulere m'mapaki, kuphatikizapo Central Park, anthu masauzande atayala nsalu pa kapinga ndi zakudya zawo. Chaka chimenecho pa ndandanda wa nyimbo panali ziwiri zopekedwa ndi atsikana a zaka 11, ndipo nyuzipepala zinalemba za iwo. Kuchokera pamenepo, makolo a gulu loyamba lija sagonanso tulo.

Dalaivala wina wa takisi, wochokera ku South America, anandipatsa mbali ina ya nkhaniyi tili pa mzere wa magalimoto mu Broadway. Kwa iye zonsezi n'zachibwana poyerekeza ndi za ku Venezuela, kumene José Antonio Abreu anayambitsa El Sistema mu 1975, n'kuika zida zoimbira m'manja mwa ana osauka masauzande ambirimbiri. Mmodzi mwa ana amenewo ndi Gustavo Dudamel, amene mu 2023 analengezedwa kuti ndiye adzagwire kandodo ka New York Philharmonic kuyambira 2026. Ndiye dalaivalayo amaseka anthu a mipando yawoyawo aja: akudandaula za ana, osadziwa kuti bwana wawo watsopano anachokera m'ntchito ya ana yomweyo. Ndinayesa kumuuza kuti kuphunzitsa mwana kuimba za Beethoven ndi kumulola kupeka zake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Anandiyankha ndi hutala, ngakhale akuti ankaimbira wa kutsogolo.

Tikakumana ife ochokera kumudzi, nkhaniyi imatiseketsa mwa njira ina. Mnzanga wina amati Azungu achedwa kuzindikira. Ndi mwana uti kwathu amene sanapekepo nyimbo? Mwezi ukawala pabwalo nyimbo zimabadwa zokha, zina zonyoza mnzawo wokodza pamphasa, zina zotama mphunzitsi kapena kumujeda. Anyamata amakhoma banjo ya chigubu cha mafuta ndi nsambo za waya, n'kupeka nyimbo ya mtsikana amene sakuwadziwa n'komwe. Kusiyana kwake, akutero mnzangayo, n'kwakuti ife tinkalipidwa ndi kukalipiridwa kuti tikagone, pamene wa kuno amalipidwa ndi anthu 100 ovala masuti amene amamufunsa mwaulemu ngati akufuna pamenepa paimbidwe mokweza kapena motsitsa. Amati iye akanafunsidwa funso limenelo ali ndi zaka 10, akanathawa.

Mlungu wathawu ndinakwera sitima nambala 1, imene imaima pa siteshoni ya 66th Street pafupi ndi Lincoln Center. Moyang'anizana nane munali kamtsikana ndi bambo ake. Kanali kakung'ung'udza kanyimbo kosamveka mutu wake, kakuomba chikwama ndi zala, n'kumabwereza malo amodzimodzi. Bamboyo anatsegula pakamwa kuti akaletse, n'kuyang'ana anthu, n'kutsekanso. Kenako anatulutsa foni mwakabisira n'kuyamba kujambula mawu. Kamtsikanako kanasiya pomwepo, n'kuwauza kuti afufute, sinathe.