Mlendo Wofuna Makiyi a Kuchipinda

Akale anati mlendo sathyola mphasa. Ankatanthauza kuti munthu wodutsa mpatseni pogona, mpatseni madzi osamba, musamuwerengere ufa, pakuti mawa alawira ndipo mphasa yanu itsala yamphumphu. Kwa Nyampande mwambiwu sunakalambe. Wogula mtedza akatsekerezedwa ndi matope pamsewu wobwerera ku Petauke, sagona panja. Kungoti akalewo ankanena za mlendo wa miyendo iwiri, wobwera ndi kathumba kamodzi komanso manyazi ochuluka. Sanamuone mlendo wa masiku ano, wodzera pa intaneti, wolemera kuposa 100 GB, wosamva chinenero cha pakhomo, woyenda ndi mlonda wakewake. Ndikunena gemu ya Windows ikafuna kugona m'kompyuta ya Linux.

Choyamba tidziwe chifukwa chimene nyumbayo ilili ya Linux. Laputopu imene mnyamata wakuno angaikwanitse kawirikawiri imakhala yoti inakalambira muofesi ya kutsidya kwa nyanja, kenako inafika ku Lusaka, n'kukwera basi ya Great East Road, n'kudutsa nthochi za pa Nyimba ili m'chikwama. Imabwera ndi Windows 10, imene Microsoft inalengeza kuti nthawi yoisamalira inatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 nayo ndi yamatama: imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, apo ayi imakuuzani mwaulemu kuti mukagule makina ena. Ndalama ya makina ena ili m'munda, ikudikira thonje. Apa ndi pamene mnyamata wochenjera amakumbukira kuti kuli Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali mwana wasukulu ku Helsinki, yaulere, yoti aliyense atha kuiwerenga m'kati n'kuisintha. Amasankha Linux Mint, kapena Ubuntu ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo nkhalamba ya laputopu ija imadzuka n'kuyamba kuthamanga. Kulemba kalata yofunsira ntchito, kuonera mpira, kuwerengera matumba a feteleza, zonse myaa. Mavuto amayamba tsiku limene waitana mlendo.

Mwana wa mlongo wanga anaitana wotere, gemu ina ya asilikali owomberana. Anagula bandulo ya usiku poti ndiyo yotsika mtengo, n'kukakhala pachulu pamene netiweki imagwira, batire ya sola ili pambali. Agogo ake atamva kuti akudikira alendo, anasesa pabwalo. M'mawa anamufunsa.

"Iwe, alendo ako aja sanafikebe?"

"Afika theka, agogo."

"Munthu amafika theka? Miyendo yabwera, mutu watsala ku Lusaka?"

Mnyamatayo analibe choyankha, chifukwa agogowo anali atafotokoza nkhaniyo molondola kuposa buku lililonse la makompyuta. Pamene mlendoyo ankamaliza kufika, mphasa yoyamba inali itathyoka kale: ndalama ya bandulo, ndi zithunzi za ukwati wa achemwali ake zimene anazisamutsa kuti mlendo apeze potambasula miyendo.

Atafika, sanalonjere. Gemu ya Windows imalankhula Chiwindows basi. Ikafuna fayilo, ikafuna kujambula mtengo pagalasi, ikafuna kudziwa batani limene mwadina, imafunsa m'mawu amene Windows yokha imamva. Linux imangoyang'ana. Choncho pamafunika womasulira, ndipo alipo, dzina lake Wine. Anayamba ntchito mu 1993, ndipo zinamutengera zaka 15 kuti afike ponena kuti tsopano wakhwima, pakuti Wine 1.0 inatuluka mu 2008. Ntchito yake si kumanga Windows yabodza m'kati mwa kompyuta. Iye amangoima pakati, gemu ikapempha kanthu, amatembenuza pempholo nthawi yomweyo kuti Linux imve, n'kubweza yankho. N'chifukwa chake liwiro silitayika kwenikweni.

Povuta panali pa zithunzi. Magemu a Windows amajambula kudzera mu DirectX, ya Microsoft, pamene Linux imamva Vulkan. Amene anamasula mfundo imeneyi si bungwe lalikulu ayi. Ndi Philip Rebohle wa ku Germany, amene ankangofuna kusewera Nier: Automata pa Linux yake, mpaka analemba DXVK, yotembenuza DirectX kukhala Vulkan. Makolo amene mumakalipira ana kuti magemu sadzawapindulira kanthu, dziwani kuti ameneyu kampani ya Valve inayamba kumulipira. Mu 2018 Valve, mwini sitolo ya magemu ya Steam, inamanga mtolo umodzi wa Wine, DXVK ndi zina n'kuutcha Proton. Mu 2022 inatulutsa Steam Deck, kamakina kogwira m'manja koyendera Linux, ndipo magemu zikwizikwi a Windows akuseweredwa mmenemo osadziwa n'komwe kuti ali kwa eni. Chenjezo lokha n'lakuti laputopu ikakhala yakale kwambiri, nayonso Vulkan imaimva mwa apo ndi apo, ndiye womasulira amalankhula ndi gonthi.

Kunena zoona, nkhani ya chinenero inatha. Mlendo akumva, mwininyumba akumva, nsima yaphikidwa. Ndiye pakhomo pamatulukira munthu wachitatu, wovala jombo, amene palibe anamuitana. Ameneyu ndi anti-cheat, mlonda wa gemu, ndipo sanabwere kudzadya.

Tisamunyoze msanga, ali ndi chifukwa. M'magemu a pa intaneti muli akuba. Wina amaika pulogalamu yomuonetsa adani kuseri kwa khoma, wina mfuti yake imaloza yokha pamutu wa mnzake iye akumwa tiyi. Anthu oona mtima akaluza kwa otere kangapo amasiya gemuyo, ndipo kampani imataya ndalama. Tsono makampani analemba alonda. Alonda oyambirira ankaima pabwalo n'kumayang'ana amene akulowa. Akuba atachenjera n'kuyamba kubisala m'kati, alonda nawo anapempha kulowa m'kati, mpaka mu kernel, chipinda chogona cha kompyuta, mmene mumasungidwa ulamuliro wa chilichonse. Mlonda wa Valorant, wotchedwa Vanguard, pachiyambi pomwe anadziwika ndi kudzuka limodzi ndi kompyuta, gemu isanatsegulidwe. Ganizirani mlendo wokuuzani kuti: zikomo pondilandira, koma kuti nditsimikize kuti simundibera, mnzangayu azigona kuchipinda kwanu, pakati pa inu ndi akazi anu, ndipo makiyi azisunga ndi iyeyo. Kuno munthu wotere tingapite naye kwa anduna dzuwa lisanalowe. Pa Windows anthu amangodina batani lovomera.

Pa Linux zimenezi sizitheka bwino, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija chimene mnyamata anaikondera. Nyumba ndi yake yense. Atha kugumula khoma la kuchipinda, kulimanganso, kuboola khomo lina kuseri. Mlonda akafunsa kuti m'nyumba muno muli wakuba kapena ayi, yankho limachokera kwa makoma amene mwininyumba atha kuwaphunzitsa bodza. Ndiye mlonda amakhulupirira ndani? Mu 2021 alonda awiri otchuka, Easy Anti-Cheat ndi BattlEye, analengeza kuti atha kugwira ntchito ndi Proton, koma mwini gemu aliyense ayenera kuvomera yekha. Ena anavomera. Ena anakana, ndipo Fortnite ili m'gulu lokana ngakhale kuti Easy Anti-Cheat ndi ya kampani yawo yomweyo, Epic. Mpira wa EA, umene anyamata amautchulabe kuti FIFA, unatseka chitseko kuyambira pa FIFA 23. Ena anachita zopweteka koposa: analowa, anadya, anagona zaka, kenako anadzuka n'kumanga katundu. Mu Seputembala 2024 GTA Online inalemba mlonda watsopano ndipo a Linux anatsala panja. Mwezi wotsatira Apex Legends inawathamangitsa dala, ponena kuti akuba ambiri ankadzera khomo limenelo. Poti pa anthu 100 osewera pa Steam a Linux ndi owerengeka chabe, kampani ikawerengetsa imaona kuti kuwataya n'kotchipa kuposa kuwalondera.

Kodi mlonda wogona kuchipinda sathyola mphasa? Mu 2022 kampani ya Trend Micro inaulula kuti zigawenga za pa intaneti zinagwiritsa ntchito mlonda wa gemu ya Genshin Impact kuzimitsa mapulogalamu oteteza kompyuta, kuti zilowe bwino n'kumanga mafayilo a anthu. Makiyi anali m'thumba la mlonda, akuba anangopisamo. Ndipo pa 19 Julayi 2024 pulogalamu ya chitetezo ya CrowdStrike, imene si ya magemu koma imagona chipinda chomwecho, italandira chigamba cholakwika inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni tsiku limodzi, ndege n'kulephera kunyamuka. Ine ndimaona kuti Linux ikakana kupereka makiyi, si umbuli wa kumudzi. Koma sindinganamize mnyamata kuti ufulu umenewu umagoletsa zigoli. Anzake onse ali m'bwalo, iye ali panja ndi ufulu wake.

Mlendo wa mwana wa mlongo wanga anali wa gulu lokana. Anafika yense, anamasuliridwa bwinobwino, anaonetsa chithunzi chake choyamba ndi nyimbo yake, kenako mlonda anasuzumira n'kunena kuti pano sitigona.

"Amalume, ndiye bandulo yanga ija?"

Ndinamuuza kuti alendo ena amafunika kufufuzidwa asanaitanidwe. Pali ProtonDB, pamene osewera amalemba mmene gemu iliyonse yakhalira pa Linux, kuyambira Platinum, yongolowa n'kukhala pansi, mpaka Borked, yosayenera kuiphera nkhuku. Kuwerenga pamenepo kumadya timakobiri, osati bandulo ya usiku wonse.

Chimene chimandiseketsa kwambiri n'chakuti tikafunsitsa, mlendo pankhaniyi sadziwika bwino kuti ndi ndani. Laputopu ndi ya mnyamata, batire ndi yake, chulu ndi cha makolo ake. Koma kuyambira mu 2024 Steam imalemba poyera pamalo olipirira kuti chimene mukugula ndi chilolezo chosewera, osati gemuyo. Bwalo limene mumasewerera lili pa seva ya kampani, malamulo ndi awo, ndipo tsiku limene afuna atha kusintha loko. Munthu uli khale m'nyumba mwako, koma mwambi umene ukukukhudza ndi wina uja, wakuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna.

Njira zilipo, ngakhale iliyonse ili ndi minga yake. Ena amagawa disiki pawiri n'kumumangira mlendo gowelo lake la Windows kuseri, kuti iye ndi mlonda wake azisechana okhaokha kumeneko, nyumba yaikulu ikhale pamtendere. Zimafuna malo, ndipo pa laputopu yakale gowelolo limakhala la Windows 10 yomwe ija yosiyidwa. Ena amayesa kubisa Windows m'kati mwa Linux, koma alonda ambiri amanunkhiza zimenezo ndipo chilango chake chitha kukhala kukuthamangitsa m'gemu. Ena amangobwerera ku foni, osadziwa kuti Tecno ndi Itel zamakono za pamsika wa Petauke zimayendera Android, imene pansi pake pali kernel ya Linux, moti amene amati Linux siseweretsa magemu amanena zimenezo akusewera Free Fire pa Linux.

Mnyamata wathu anasankha achibale. Dota 2 ndi Counter-Strike 2, zonse za Valve, zimalankhula Chilinux chobadwa nacho, sizilipiritsa polowa, ndipo zili ndi maseva ku Johannesburg, kotero chipolopolo sichiyenera kukazungulira ku Ulaya chisanafike pa mdani. Anadikiranso pachulu, agogo sanasesenso pabwalo, ndipo gemu inatseguka popanda wofunsa makiyi. Tsopano amasewera madzulo alionse batire ikalola, ndipo amaphedwa mofulumira ndi ana a ku Pretoria. Akuti vuto ndi netiweki.