Ndege anatisankhira ndi usipa

Nkhani ya ulendo wathu wa ku Mangalande tinagwirizana kuti ikhale ya m'nyumba. Tinapangana Lachiwiri usiku, ine ndi mayi a ana, chitseko chili chotseka, wailesi titakweza. Lachisanu m'mawa mnyamata wogulitsa makala pa mphambano anandipatsa moni wa manja awiri n'kundifunsa ngati ku Leeds kukuzizira mwezi uno. Mpaka dzina la tauni ankalidziwa. Nditafufuza ndinapeza kuti apongozi anakapempha mapemphero kwa anzawo a Chigwirizano, ndipo anatchula zonse, poti pemphero lopanda adiresi, iwo amati, limasochera.

Mlamu wanga, mng'ono wa mayi a ana, ndi namwino kumeneko ndipo wachira mwana wamwamuna. Mwana woyamba amasambitsidwa ndi agogo ake, kaya wabadwira ku Mitundu kaya ku Leeds. Apongozi sangayende okha. Mayi a ana sangasiye ana. Ana sangatsale ndi ine chifukwa mbiri yanga ya kukhitchini inafika kale kwa ankhoswe. Tinangopezeka tili anthu asanu. Za mapasipoti ndi ma viza tidzakamba tsiku lina, mtima ukadzakhala m'malo. Chinatsala chinkaoneka chophweka: kusankha ndege.

Pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi palibe ndege yonyamuka n'kukatera ku London osaima. Umasintha penapake, ngati mmene wa ku Area 25 amatsikira m'tauni kuti agwire ya ku Likuni. Ethiopian Airlines imakutula ku Addis Ababa, Kenya Airways ku Nairobi, ndipo ukafuna ukhoza kutsikira kaye ku Joni pa Airlink kapena Malawi Airlines n'kukakwera yaikulu kumeneko. Munthu akhoza kusankha tiyi asanazizire. Koma m'tauni muno ulendo wa ndege uli ngati maliro, sukhala wa banja limodzi.

Oyamba kufika anali amalume a ku Kawale. Iwowa pa unyamata wawo ankatchetcha udzu pa bwalo la Chileka, ndipo kuyambira pamenepo nkhani iliyonse ya ndege pa mtundu wathu imadutsa m'manja mwawo. Sanakwerepo. Amati anaziona bwino kuposa okwera, chifukwa wokwera amangoona m'kati.

"Mphwanga, mukuvutikiranji?" anatero atakhala pa mpando wanga. "M'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inali ndi VC10, mainjini anayi onse kumchira, kuchoka pa Chileka mpaka Gatwick. Ikamadzuka ija, nkhuku za ku Lunzu zinkasiya kuikira. Kafunseni imeneyo."

Ndinawauza kuti Air Malawi inatha mu 2013, ndipo imene inalowa m'malo mwake boma lili ndi magawo 51 pa 100, a Ethiopian 49. Anandiyang'ana ngati ndine ndinaigulitsa. "Ndiye osandiuza bwanji?" Anadya nsima, napempha ya minibasi.

Kenako anabwera bambo a kuseri kwa mpanda, amene anapitapo ku wekishopu ya masiku atatu ku Nairobi. "Ine ndikamayenda, achimwene, ndimakonda ya Kenya." Ndikamayenda! Ulendo unali umodzi, koma kapepala kamene anamata pa chikwama chawo sanakachotse mpaka lero, ndipo chikwamacho amapita nacho ndi ku maliro komwe. Mlamu wanga wamwamuna, wa geni ya ku Joni, anati tidzere kumwera chifukwa amadziwana ndi anthu pa Park Station. Ndinamukumbutsa kuti ndege sizitera pa depoti ya basi. Komanso kuuluka maola oposa awiri kulowera kumwera kuti ukayambe ulendo wa maola 11 wobwerera kumpoto, kumeneko n'kupita ku Karonga kudzera ku Nsanje.

Woopsa kwambiri anali mnyamata wa kutchalitchi, wa laputopu. Iyeyu anapeza kuti tikakwera basi kudzera ku Mchinji mpaka Lusaka, makilomita pafupifupi 700, tikhoza kugwira Emirates yodzera ku Dubai kapena Qatar yodzera ku Doha, n'kupulumutsa ndalama. Anatijambulira tebulo la mizere ndi mitundu. Anawerengera zonse kupatula chikhodzodzo cha mwana wa zaka zisanu ndi msana wa apongozi. Titaikamo basi, chakudya cha panjira ndi kogona, ndalama yopulumukayo inali yokwana mandasi.

Ndinapita ndekha kwa ejenti wina ku City Centre. Mtengo wa tikiti umabadwa m'madola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuusandutsa makwacha ndi ntchito yofuna munthu atakhala pansi. Mtsikana wa pa desiki sanautchule pakamwa. Anaulemba pa kakyuleta n'kunditembenuzira mwakachetechete, ngati sing'anga woonetsa wachibale zotsatira za magazi. Ndinawerenga maziro kuchokera kumanja, n'kubwerezanso kuchokera kumanzere, kuti mwina achepa. "Umenewu ndi wa lero, bambo," anatero. "Mawa sindikulonjeza." Ndinapempha madzi.

Azakhali atamva za mtengowo anaseka kupusa kwanga. "Wamng'onoyo mukumulipirira chifukwa chiyani? Si wapamwendo ameneyo?" N'zoona kuti mu minibasi mwana ameneyu wakhala wa zaka zitatu kwa zaka zitatu tsopano, ndipo palibe kondakitala amene anatiposapo pakamwa. Koma m'ndege wapamwendo ndi wosakwana zaka ziwiri, ndipo tsiku lobadwa linalembedwa m'pasipoti ndi boma. Azakhali anati vuto la ife ophunzira n'kufulumira kuonetsa mapepala.

Tsono panali nkhani ina imene sindikanaikamba pagulu. Ine ndi apongozi takhala tikulemekezana kwa zaka 12. Moni timapatsana chapatali, iwo atayang'ana ku mtengo wa mango, ine ku matayala a galimoto. Sitinadyerepo pamodzi. Ngakhale tili m'chipinda chimodzi, mawu amadzera kwa mwana wawo: "Auzeni bambo a ana kuti mpopi ukudontha." Ndiye ndinamva kuti m'ndege zikuluzikuluzi mipando ya ife anthu wamba imakhala itatu, itatu, itatu, ndipo wogawa ndi kompyuta yosadziwa mwambo. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyeza makampani ndi muyeso wangawanga. Kuchokera ku Addis Ababa kukafika ku London ndi maola pafupifupi 8, kuchokera ku Nairobi pafupifupi 9, kuchokera ku Joni 11. Ena amati amenewa ndi maola a ulendo. Kwa mkamwini ndi maola ogundana chigongono ndi apongozi.

Apongozi nawo anali ndi mafunso awo, onse odzera kwa mayi a ana. Anafuna kudziwa ngati ndegeyo idzawoloke nyanja usiku, ndipo ngati ndi choncho woyendetsa amaona bwanji. Anafunsa kuti mankhwala a BP adzamwa pa nthawi ya ndani, atamva kuti ku Addis ndi ku Nairobi wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi pamene ku London ili m'mbuyo. Mdzukulu wawo wamkulu, wa Sitandade 5, anawonjezera moto powauza kuti ku Ethiopia chaka chili ndi miyezi 13 ndipo kalendala yawo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8. Apongozi anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Afunseni bambo a ana ngati tikatera kumeneko ngongole yanga ya ku banki m'khonde idzakhala isanatengedwe."

Zonsezi zinali masewera. Nkhani yeniyeni inayamba kulowa pa geti sabata yachitatu, itakulungidwa m'majumbo.

"Kaphukusi kakang'ono chabe, achimwene, sikalemera." Mawu amenewa ndinawamva kwa anthu amene sindinawaonepo chikwatire. Aliyense m'dera lathu anapezeka ali ndi mwana, mlongo kapena mpongozi kunja. Wina ku Nottingham, wina ku Glasgow, wina ku Luton. Mayi ena anabweretsa ufa wa mwana wawo wa ku Dublin, ndipo nditawauza kuti limenelo ndi dziko lina, la kutsidya kwa nyanja, anati, "Mukangofika mumuimbire, abwera pa kabaza." Bambo ena anasiya nsinjiro za mphwawo wa ku Texas. Kwa iwo kunja ndi mudzi umodzi waukulu, wa mfumu imodzi, kumene Amalawi onse amakumana pa chigayo.

Pabalaza panadzaza. Ufa woyera, mpunga wa Kilombero, mfutso wa nkhwani, malambe, tiyi wa Chombe, mabotolo a Nali okulungidwa m'masokosi, Sobo wa chinanazi, zitenje za chipani cha kwaya. Kukana sikutheka. Mayi amene ukuwakanira lero ndi omwewo adzaphike pa maliro ako, ndipo adzakumbukira.

Ndinayesa kuthawira ku malamulo. Ndinalengeza kuti a ku Britain salola nyama kapena za mkaka zochokera kuno. Amalume, amene anali atabweranso ndi mpani wa mbewa zouma za mdzukulu wawo, anatsutsa kuti mbewa si nyama, ndi ndiwo. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mbewazo anadya okha ali chokwiya. Koma pofuna kuonetsa kuti malamulowo ndawawerengadi, ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndinanena mokweza kuti nsomba zouma kapena zowamba amalola mpaka makilo 20 munthu mmodzi. Pakamwa panga! Mawa lake usipa unayamba kufika. Wa ku Salima, wa ku Nkhata Bay, wa mu msika wa Lilongwe wonamizira kuti ndi wa ku Nkhata Bay. Panabweranso chambo chowamba ndi utaka. Amphaka a m'dera lonse anasamukira pa mpanda wathu.

Tsiku losankha linafika. Ndinayala mapepala awiri a ejenti pa tebulo. Ndinali nditakonzekera bwino: ndinafotokoza za kutalika kwa nthawi yodikira pa bwalo la eni ake, za malo oika miyendo, za tiwailesi takanema ta ana, za ola lofikira. Ndinalankhula ngati phungu. Mayi a ana anandilola kumaliza, n'kufunsa funso limodzi.

"Makilo angati?"

Tikiti yotsikirapo mtengo inali ya sutikesi imodzi ya makilo 23 munthu aliyense. Anthu asanu, makilo 115. Yokwererapo inali ya masutikesi awiri, makilo 230, matumba anayi a chimanga ndi theka n'kapamwamba. Mayi a ana anayang'ana mulu wa pabalaza. Apongozi anayang'ana ku zenera n'kunena kuti, "Auzeni bambo a ana kuti Mulungu wayankha." Tinalipira yodulayo, yodikiritsanso nthawi yaitali panjira. Musandifunse kuti mchira wake ndi wa mtundu wanji. Palibe anafunsa, ngakhale bambo a ku Nairobi aja, amene pofika nthawiyi anali ataikamo kale makilo awo atatu a nyemba.

Pa makilo 230 amenewo, ine mwini ulendo anandigawira asanu ndi limodzi.

Kuti tisakachite manyazi pa bwalo, tinabwereka sikelo kwa venda wina wogula soya pa msika. Tinakoloweka sutikesi iliyonse ku nthambi ya mango, ndipo iliyonse inaonetsa 23 ndendende, zina mpaka 22. Tinayamika. Palibe mmodzi wa ife anaima n'kudzifunsa kuti sikelo ya venda wogula mbewu kwa alimi inaphunzitsidwa kunamira mbali iti.

Ku Lumbadzi tinaperekezedwa ndi minibasi yathunthu: amalume atavala jekete, azakhali, amayi a Chigwirizano asanu ndi mmodzi, ndi eni maphukusi obwera kudzaonetsetsa kuti katundu wawo wakwera. Sutikesi yoyamba itakhala pa sikelo ya eni ndege, manambala ofiira anathamanga n'kukaima pa 27. Yachiwiri 28. Amalume anati sikeloyo ndi yakuba ndipo m'nthawi ya VC10 sizinkachitika. Tinatsegula masutikesi pansi, pamaso pa azungu obwerera kwawo ndi mabwana a mataye, fungo la usipa n'kudzaza holo yonse. Chilichonse chimene ndinkagwira chinali ndi mwini wake ataima kumbuyo kwa chingwe akundiyang'ana. Ufa wa ku Dublin sunakhudzidwe. Nsinjiro za ku Texas zinadutsa. Chimene chinalibe wochilankhulira chinali katundu wanga. Nsapato zanga za tchalitchi zinabwerera ku Kawale m'manja mwa amalume, amene anaziyesa pomwepo n'kupeza kuti zikuwakwana. Zotsalazo ndinavala: malaya atatu, juzi, majekete awiri, mu Okutobala, dzuwa la ku Lumbadzi likung'amba phula.

M'ndege yaikulu ija tinakonza bwino kuti pakati pa ine ndi apongozi pakhale mwana. Koma wamng'ono analirira zenera, wamkulu analirira mayi ake, ndipo mmene chizindikiro cha malamba chinkayaka n'kuti mayi a ana ali kutsidya kwa kanjira ndi ana awo, ine ndili pakati, apongozi kudzanja langa lamanja. Tonse awiri tinayang'ana kutsogolo ngati anthu ojambulitsa chithunzi cha chitupa. Choikapo mkono cha pakati pathu chinakhala chopanda mwini usiku wonse.

Patapita nthawi mtsikana wa m'ndege anafika ndi kangolo kake, n'kuwerama mwaulemu kufunsa apongozi ngati adye nkhuku kapena nsomba. Ndinkamva, ndipo ndikanatha kumasulira, koma si malo anga. Funsolo linawoloka kanjira kupita kwa mayi a ana, n'kubwerera m'Chichewa kudutsa pamphuno panga. Apongozi anakonza mpango wawo.

"Muuzeni mwanayu kuti nsomba tili nayo."